Kuongola mtengo mpoyamba: ndani aphunzitse mwana khalidwe?

Pafupifupi msonkhano uliwonse wa makolo ndi aphunzitsi m'maboma a m'malire a chigawo cha Tete umafika pa nkhani imodzi imene imautsa mapiri pachigwa. Makolo amati ana a masiku ano alibe mwambo ndipo yawaononga ndi sukulu. Aphunzitsi nawo amati ana amafika kusukulu ataonongeka kale kwawo, ndipo maola ochepa a m'kalasi sangaongole zimene zidapindikira pakhomo.

Madandaulo ake ngofanana ku Ulónguè, ku Dómuè, ku Tsangano, ku Furancungo mpaka ku Zóbuè. Amatchula mwana wodutsa pakati pa akuluakulu osapempha njira, wolandira chinthu ndi dzanja limodzi maso ali kwina, wotukwana mnzake pa mpira, woba cholembera, ndi wojomba kusukulu tsiku la msika. Msonkhano ukatha aliyense amabwerera kwawo akudziyesa wosalakwa, mwana uja n'kutsala pakati wopanda womugwira dzanja.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mwana amene sadaphunzire kumvana ndi anzake, kuugwira mtima akakwiya, kunena zoona ndi kukana choipa sachedwa kuchoka pasukulu. Mnyamata amakathera kunyamula matumba a mbatata pamalire kapena kuweta ng'ombe za eni, mtsikana amatenga pathupi asanakhwime, ndipo ndewu ya ana awiri imasanduka mlandu wa mabanja awiri pabwalo la mfumu. Kuwerenga ndi masamu n'zofunika ndithu, koma munthu wodziwa kuwerenga amene sakhulupirika palibe amene amamusungitsa ndalama za gulu kapena kumusiyira makiyi a chigayo.

Sukulu ya makolo akale

Bolodi ndi choko zisanafike, mudzi udali ndi njira zake zoumbira munthu. Madzulo ana ankasonkhana kwa agogo kumvera nthano ndi kuphera ndagi, ndipo nthano iliyonse inkasiya phunziro, kaya ndi la Fisi amene dyera lidamuika m'mavuto kapena la Kalulu wochenjerera anzake. Anyamata ankagona m'mphala ndipo atsikana m'kuka, kumene wamkulu ankayang'anira wamng'ono. Pa chakudya ana ankazungulira mbale imodzi. Pomwepo ankaphunzira kusamba m'manja motsata ukulu, kutapa ndiwo moganizira anzawo ndi kusiyirako wamng'ono. Kubusa anyamata ankasinthana kukakusa ng'ombe, ndipo waulesi ankadziwika tsiku lomwelo.

Pakati pa Achewa atsibweni adali ndi mawu aakulu pa ana a mlongo wawo. Pakati pa Angoni mawuwo adali kuchimuna, kwa abambo ndi azakhali. Mwana akatha msinkhu, anamkungwi ndi akuluakulu a mwambo ankamaliza ntchito.

Mphamvu ya maphunziro amenewa siidali pa kuchuluka kwa malangizo. Idali pa mfundo yakuti mwana ankamva mawu amodzi kulikonse kumene wapita. Chimene amayi aletsa pakhomo, mayi wina aliyense ankaletsanso kuchitsime. Akuluakulu ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kholo silinkakwiya mwana wake akadzudzulidwa ndi munthu wapadera.

Mmene chingwe chidadukira

Sukulu itafika, nthawi zambiri idabwera ngati mpikisano wa mudzi. M'nthawi ya Apwitikizi, kuyambira 1941 maphunziro oyamba a ana akuda adaikidwa m'manja mwa mamishoni a Katolika, ndipo kuno mayina a Lifidzi ndi Fonte Boa ngodziwika kwa aliyense. Ana amene adapeza mwayi wophunzira adali ochepa. M'masukulu a nthawi imeneyo m'dziko lonse mwambo unkasungidwa ndi mantha, ndipo okalamba sadaiwale mbalamatodya, thabwa la zibowo lomenyera m'manja.

Dziko litalandira ufulu, boma lidatenga masukulu onse pa 24 Julayi 1975, ndipo Graça Machel, amene adali nduna ya maphunziro kuyambira 1975 mpaka 1989, adatsogolera ntchito yotsegulira ana a anthu wamba zitseko za sukulu. Ana ankaphunzitsidwa kugwira ntchito pamodzi m'munda wa sukulu ndi kukonda dziko lawo. Komabe m'zaka zimenezo ufumu wa makolo, chinamwali ndi miyambo ina zinkaonedwa ngati zobwezera anthu m'mbuyo, kotero kuti mphunzitsi ndi nkhalamba ya m'mudzi sankakhalira pamodzi kukambirana za mwana. Boma lidadzazindikiranso mafumu mwalamulo m'chaka cha 2000.

Chimene chidadula chingwe kotheratu ndi nkhondo ya zaka 16. Masukulu a pulayimale oposa theka m'dziko lino adaonongedwa kapena kutsekedwa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ambiri a m'maboma ano n'kukakhala ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, pamene ena adalowera ku Zambia. Mabanja adabalalika, agogo ambiri adamwalira osasiya nthano zawo, ndipo ana adakula akuona kuti wamphamvu ndiye amadya. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ndipo anthu adabwerera kumabwinja awo pakati pa 1993 ndi 1995.

Mbiri imeneyi ikukhudza ana a lero mwachindunji. Makanda amene adabwerera kumudzi ali pamsana ndiwo makolo a ana amene ali m'kalasi tsopano. Ambiri mwa iwo sadagonepo m'kuka mwa agogo ndipo sukulu adailawa pang'ono. Kuwanyoza kuti sadziwa kulera n'kuiwala kumene adachokera. Koma n'zoonanso kuti mudzi umene unkalera mwana pamodzi sungadzuke wokha popanda anthu kuudzutsa mwadala.

Mwana pakati pa malamulo awiri

Zina zimene anthu amazitcha mwano kwenikweni ndi kusokonezeka kwa mwana. Kunyumba amaphunzitsidwa kugwada kapena kunyonyomala polankhula ndi wamkulu, kutsitsa maso, kulankhula motsitsa ndi kudikira mpaka atafunsidwa. Kusukulu amauzidwa kuimirira, kuyang'ana mphunzitsi kumaso, kukweza mawu ndi kufunsa pamene sadamve. Akachita za kunyumba m'kalasi amatchedwa mbuli. Akachita za kusukulu pamaso pa agogo ake amatchedwa wamwano. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangadziwe yekha kuti zonse ziwirizi ndi ulemu, chilichonse pamalo pake. Pafunika wamkulu womufotokozera, ndipo zimamveka msanga ngati kholo ndi mphunzitsi anena zofanana.

Vuto lina ndi chilankhulo. Kalembera wa 2017 adaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko lino, pafupifupi 17 okha ndiwo adayamwira Chipwitikizi. M'midzi ya m'malire mwana amalowa kalasi yoyamba akudziwa Chichewa chokha, chimene m'mabuku a boma chimalembedwa kuti Chinyanja. Mwana wotere angapepese bwanji m'chilankhulo chimene sachidziwa? Angafotokoze bwanji amene wayamba ndewu, kapena kuuza aphunzitsi kuti anyamata akuluakulu amamulanda chimanga chokazinga panjira? Pakamwa pakatsekeka, chotsala ndi kulira, kuthawa kapena nkhonya.

Chigawo cha Tete chili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la boma lokonza maphunziro la INDE lidayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, pa ntchito yotchedwa PEBIMO. Adasankha Chinyanja kuno ku Tete ndi Chishangana ku Gaza. Amene adaunika ntchitoyo adapeza kuti ana ophunzira m'chilankhulo chawo ankamasuka, ankafunsa mafunso ndipo ankacheza ndi aphunzitsi awo mopanda mantha. Kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri adayamba kulowa m'masukulu ena a boma, ndipo Chinyanja chidali chimodzi mwa zilankhulo 16 zoyamba.

Makolo ena amaopa kuti njirayi ichedwetsa ana kudziwa Chipwitikizi, chimene ndi chilankhulo cha mayeso ndi ntchito. Nkhawayo njomveka, koma Chipwitikizi sichitayidwa. Mwana amayamba kuchilankhula kuyambira kalasi yoyamba, ndipo chimanka chitenga malo pang'onopang'ono m'makalasi otsatira. Ngakhale pa sukulu yophunzitsa m'Chipwitikizi chokha, nkhani ya mtima, monga kuyanjanitsa ana omenyana kapena kutonthoza wamasiye, imayenda bwino m'chilankhulo cha kwawo kwa mwanayo. Mphunzitsi wochokera kutali amene waphunzira kupereka moni ndi kuthokoza m'Chichewa amakhala waphunzitsa kale ulemu asanatsegule buku.

Khomo limene lidatsegulidwa

Makolo ambiri sadziwa kuti malamulo a maphunziro adawapatsa malo m'sukulu. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale imene idayamba mu 2004 idabweretsa phunziro la makhalidwe ndi unzika, lotchedwa Educação Moral e Cívica. M'makalasi oyambirira nkhani zake zidalukidwa m'maphunziro ena onse, ndipo m'makalasi omaliza lidaima palokha. Ndondomeko yomweyo idapatula gawo lotchedwa Currículo Local: ola limodzi mwa maola asanu alionse lidasiyidwa kuti ana aphunzire za kwawo, monga ulimi, luso la manja, mbiri ya dera, nthano ndi miyambo yabwino. Osankha zophunzitsazo adayenera kukhala aphunzitsi pamodzi ndi anthu a m'deralo, ndipo munthu wa m'mudzi wodziwa chinthu adaloledwa kuitanidwa kukalankhula ndi ana.

Palinso khonsolo ya sukulu, Conselho de Escola. M'menemo mumakhala mkulu wa sukulu, oimira aphunzitsi, oimira makolo, oimira anthu a m'dera ndi oimira ana eni ake. Wapampando amachita kusankhidwa, ndipo mpandowo si wa mkulu wa sukulu. Pa masukulu ambiri khonsolo imakumana pakabwera ndalama zothandizira sukulu kapena pakafunika kuumba njerwa. Ntchito zimenezo nzabwino, koma khonsolo ili ndi mphamvu yokambirananso za kujomba, ndewu, chilango, ndi khalidwe la ana ndi la aphunzitsi omwe.

Pamene khomo limeneli lagwiritsidwa ntchito, zinthu zake sizifuna ndalama. Agogo odziwa nthano akhoza kupatsidwa theka la ola pansi pa mtengo, kenaka ana n'kukambirana chimene Fisi adalakwa. Mfumu kapena nyakwawa ikhoza kufotokoza mmene mlandu umazengedwera pabwalo, chifukwa chake mbali zonse ziwiri zimayamba zamvedwa, ndi chifukwa chake wolakwa akalipira anthu amadyeranso pamodzi. Mayi wosunga ndalama za gulu la amayi akhoza kuonetsa ana kope lake ndi kuwauza chimene chimachitika munthu mmodzi akapanda kubweza ngongole. Mwana akaona anthu a kwawo ataima pamalo a mphunzitsi, amazindikira kuti sukulu ndi mudzi si adani.

Khalidwe limaphunziridwa pochita

Mwana akhoza kulemba m'kope kuti kuba n'koipa, n'kukhoza mayeso, madzulo ake n'kuba nzimbe m'dimba la eni. Khalidwe lili ngati kupalasa njinga: palibe adaphunzira pongomvera. Si zachilendo m'maboma ano kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana 60 kapena kuposerapo, ena atakhala pansi, buku limodzi ana atatu. Mavuto amenewa ngaakulu, komabe m'menemo muli mipata yophunzitsira kukhala ndi anthu.

Buku limodzi la ana atatu limaphunzitsa kudikirana, ngati mphunzitsi waika lamulo la amene atsegule tsamba ndi amene alisunge lero. Ntchito ya m'magulu imaphunzitsa kumvera mnzako mpaka amalize, makamaka ngati wofotokozera kalasi zimene gulu lapeza amasinthidwa tsiku ndi tsiku, kuti wamanyazi nayenso alankhulepo. Udindo wa mtsogoleri wa kalasi, amene ana amamudziwa kuti chefe de turma, suyenera kukhala wa mwana wamkulu thupi woopseza anzake. Ana akamusankha okha pokweza manja, n'kumusintha pakatha chigawo cha chaka, amaphunzira kuti utsogoleri ndi ntchito yotumikira ndipo umatha. Kusesa, kutunga madzi ndi kutsuka zimbudzi zikagawidwa mofanana kwa anyamata ndi atsikana, mnyamata amakula akudziwa kuti tsache silichotsa umuna.

Ndewu nayo ndi mpata. Njira yachidule ndi kulanga onse awiri n'kupitiriza phunziro, koma pamenepo mkwiyo umangosamukira kunjira yobwerera kumudzi. Aphunzitsi odziwa ntchito amatengera za pabwalo la mfumu. Amayamba adikira kuti mitima itsike. Aliyense amafotokoza mbali yake mnzake ali chete. Mboni zimanena zimene zaona, osati zimene zamva. Wolakwa amatchula yekha chimene walakwa, amapepesa, ndipo amakonza chimene waononga: wang'amba kope amakopera mnzake zolemba zonse, wathyola cholembera amabweza. Mwana amene wadutsa m'njira imeneyi kangapo amayamba kuitsata yekha pa mpira popanda wamkulu.

Ana ayeneranso kuphunzitsidwa mawu enieni oti anene, chifukwa ambiri amalakwa posowa chonena. Kupempha kuti “ndibwerekeko”, kuvomera kuti “ndalakwa, pepani”, kuletsa kuti “zimenezo sindikuzifuna”, ndi kuitana wamkulu zinthu zikavuta, zonsezi zimayesezedwa monga mmene amayesezera kuwerenga. Timasewero ta mphindi zochepa, mmene ana amasinthana kukhala wogula ndi wogulitsa, mlendo ndi mwini khomo, kapena wonyozedwa ndi womuteteza, timakhazikika m'mutu kuposa ulaliki wautali.

Muyeso weniweni wa kalasi ndi mmene imakhalira ndi mwana wosiyana ndi anzake: wolumala, wachibwibwi, wachialubino, wamasiye wobwera ndi malaya ong'ambika, kapena wobwera kumene kuchokera tsidya lina la malire amene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chipwitikizi. Mphunzitsi akaseka nawo dzina lachipongwe, kalasi yonse yalandira chilolezo. Akaliletsa tsiku loyamba n'kumupatsa mwanayo udindo wooneka, ana ena amatsatira.

Nanga mkwapulo?

Pamsonkhano sipalephera kuimirira kholo lopempha aphunzitsi kuti azikwapula, ponena kuti iwo adakula ndi ndodo ndipo adaongoka. Unduna wa Maphunziro udalangiza kale kuti ana asamenyedwe kusukulu, ndipo lamulo la 2008 loteteza ufulu wa ana limaletsa kuchitira mwana nkhanza. Koma ngakhale lamulo likadapanda kunena, funso likadakhalapobe: kodi ndodo imaphunzitsa chiyani?

Imaphunzitsa mwana kuopa kugwidwa. Wokwapulidwa chifukwa cha bodza amaphunzira kunama mochenjera. Wokwapulidwa chifukwa chochedwa, pamene wayenda mtunda wautali atayamba wathirira kudimba, mawa lake akaona kuti dzuwa lakwera amangokhala m'tchire mpaka anzake aweruke. Ndipo onse oonerera amatolapo phunziro lakuti wamkulu akakwiya amamenya wamng'ono, phunziro limene amakaliyesa pa ang'ono awo ndipo pambuyo pake pa akazi awo.

Kusiya ndodo sikutanthauza kulekerera. Mwana amafuna malire odziwika ndi chilango chogwirizana ndi cholakwa. Wotaya zinyalala atole, wosokoneza masewero akhale pambali kwa kanthawi, wobwereza cholakwa aitanitse kholo. Malamulo a kalasi akhale ochepa, ana atengeko mbali powapanga, ndipo agwire aliyense mofanana, mwana wa mfumu ndi mwana wa mphunzitsi omwe. Kuyamikira nakonso ndi chida. Mwana amene watola ndalama n'kuipereka akatchulidwa dzina pamzere wa m'mawa, ana mazana amaphunzira kukhulupirika nthawi imodzi.

Ana amaonera akulu

Palibe phunziro la makhalidwe limene lingapose zimene mwana amaona ndi maso. Mphunzitsi wofika mochedwa sangalange wochedwa ana osaseka mumtima. Wobwera m'kalasi akununkha kachasu, wotuma ana kukalima m'munda mwake nthawi ya phunziro, kapena wolandira nkhuku kuti mwana akhoze, amafafaniza ndi manja ake zonse zimene walemba pabolodi. Aphunzitsi ambiri amagwira ntchito mokhulupirika m'mavuto aakulu, kutali ndi kwawo, ndipo ndi iwowo amene amapwetekeka mnzawo mmodzi akaipitsa dzina la onse.

Kunyumba n'chimodzimodzi. Bambo wotuma mwana kukagula mowa usiku, mayi wouza mwana kuti akanene kwa wangongole kuti amayi kulibe, kholo loika mbatata zazikulu pamwamba pa chitini zowola zili pansi mwana akuona, onsewa ndi aphunzitsi ndipo ana awo amakhoza bwino phunzirolo. Kholo lonyoza mphunzitsi pamaso pa mwana lisadabwe mwanayo akadzanyoza mphunzitsi, kenaka kholo lomwe. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo.

Moyo wa pamalire uli ndi mayesero akeake. Pa Calómuè, pa Biri-Biri ndi pa Zóbuè mwana wa zaka khumi amadziwa kusintha makwacha ndi mametikali kuposa akulu ena, ndipo ndalama ya tsiku limodzi la msika imaoneka yokoma kuposa sabata ya m'kalasi. Nyengo ya fodya ndi yokumba mbatata mabenchi amachepa ana. Mafoni abweretsa makanema amene kale mwana sakadawaona. Kuthandiza makolo ntchito ndi mbali ya kuleredwa bwino, koma lamulo la maphunziro la 2018 lidakhazikitsa kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Kholo lojombetsa mwana chifukwa cha msika limamuphunzitsa kuti pangano limasweka pakaoneka ndalama.

Ulemu si kukhala chete

Pali mbali ina ya mwambo imene iyenera kuunikidwa mosabisa. Ana, makamaka atsikana, akhala akuphunzitsidwa kuti mwana waulemu sakana mawu a wamkulu. Anthu oipa amadyerapo pamenepa. Mtsikana amene sadaphunzire kunena kuti ayi amasowa chochita wamalonda akamukopa ndi sopo, mphunzitsi wopanda khalidwe akamuitanira kunyumba, kapena abale akamupezera mwamuna. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2011 adapeza kuti atsikana 48 mwa 100 alionse ankakwatiwa asanakwanitse zaka 18.

Malamulo adasintha. Mu Disembala 2018 boma lidathetsa lamulo la 2003 limene linkasamutsira atsikana oyembekezera ku sukulu ya usiku. Mu 2019 padakhazikitsidwa lamulo loletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Wamkulu wokwatira mwana akhoza kukhala m'ndende zaka zofika 12, ndipo makolo ndi ena othandizira ukwatiwo nawonso amayankha mlandu. Mwana kapena wamkulu wofuna kunena za nkhanza akhoza kuimba nambala yaulere ya 116, kapena kupita ku ofesi ya apolisi yoona za mabanja ndi ana.

Mafumu nawo sadakhale chete. Kalonga Gawa Undi, amene mafumu a Achewa a kuno amakamulambira ku Mkaika m'dziko la Zambia pa mwambo wa Kulamba, wakhala akudzudzula maukwati a ana. Tsidya linalo ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto adathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu. Izi zikuonetsa kuti kuteteza mwana si kutaya mwambo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Moçambique, Malawi ndi Zambia, ndiponso chinamwali, zili ndi malangizo ambiri abwino a ulemu, ukhondo ndi kupirira. Chofunika n'chakuti akuluakulu a mwambo ndi khonsolo ya sukulu agwirizane kuti miyamboyi ichitike pa tchuthi, ndiponso kuti mwana alangizidwe zoyenera msinkhu wake. Wotuluka kumwambo ngati walangizidwa bwino amabwerera m'kalasi ali wofatsa kuposa kale, osati wodziyesa wamkulu woposa aphunzitsi.

Choncho mwana wa khalidwe ndi amene amadziwa zonse ziwiri: kugwada popereka madzi kwa alendo, ndi kukana molimba mtima, ngakhale kwa wamkulu, chinthu chimene chingamuononge.

Poyambira pake

Chaka cha sukulu chikamayamba, makolo amatanganidwa ndi makope ndi yunifomu. Pali zinanso zosalira ndalama zimene zingachitike m'masabata oyamba omwewo. Kholo lipite kukadziwana ndi mphunzitsi wa mwana wake kusanagwe mlandu, pakuti nkhope zodziwana sizichedwa kumvana pa tsiku la vuto. Khonsolo ya sukulu iitanitse msonkhano umodzi wokamba za khalidwe lokha, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi anamkungwi alipo, ndipo agwirizane mfundo zochepa zimene mwana azimva mofanana kunyumba, kutchalitchi, kumwambo ndi m'kalasi. Asankhenso anthu a m'mudzi amene adzapite kukalankhula ndi ana m'chakacho. Ana oimira anzawo m'khonsolo apatsidwe mpata wolankhula, chifukwa ndiwo amadziwa zimene zimachitika kuseri kwa zimbudzi ndi panjira yopita kumudzi.

Madzulo, m'malo mongofunsa ngati wakhoza masamu, kholo lifunsenso kuti lero wasewera ndi yani, wathandiza yani, ndipo pali amene wamuvuta kapena ayi. Mafunso otere amauza mwana kuti kukhala bwino ndi anthu kumawerengedwa pakhomo pano.

Mphunzitsi amakhala ndi mwana maola ochepa, kholo limakhala naye zaka, ndipo mudzi udzakhala naye moyo wake wonse. Ana amene ali pamzere wa m'mawa lero ndiwo adzasunge ndalama za magulu, adzaweruze milandu pabwalo ndi kusamala makolo awo akadzakalamba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mtengo ukakhwima uli wopindika palibe mmisiri amene angauongole.